Jakisoni wa pamsana, ketamine kapena gasi? Kusankha mogonekera wodwala osaiwala ogwira ntchito mufiyeta

Wodwala akamapita ku opaleshoni funso lake limakhala limodzi, kodi mundigoneka kapena ndikhala maso, ndipo ndi funso labwino ndithu. Koma amene akumugonekayo amakhala akuyeza zinthu zambiri m'mutu mwake kuposa pamenepo, opaleshoniyo ndi ya pati, itenga nthawi yaitali bwanji, munthuyu wataya magazi ochuluka bwanji, wadya liti, zida zilipo ndi ziti. Nde pakuyezapo pali anthu ena amene timakonda kuwasiya kunja, nesi wa mufiyeta, wopereka zida, dotolo wong'amba, wokolopa, ngakhale wogonekayo mwini wake. Wodwala amakhala m'chipinda chija ola limodzi kapena awiri basi n'kumapita, koma anthu awa amapuma mpweya wa mmenemo tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, ndipo njira iliyonse imene tingasankhe imawasiyira kena kake. Ine ndimaona kuti njira zimenezi tiziziyeza mbali zonse ziwiri, ya wogona pabedi ndi ya oimirira momuzungulira.

Tiyambe ndi kugonekeratu munthu ndi gasi, poti ndi imene anthu ambiri amaiganizira akamva za opaleshoni. Inayamba kudziwika pa 16 Okutobala 1846 ku Boston pomwe William Morton anagoneka wodwala ndi ether anthu akuona, ku Massachusetts General Hospital. Ether ankagwira ntchito koma ankayaka moto mosavuta, nchifukwa chake halothane atabwera mu 1956 anthu anamulandira ndi manja awiri, ngakhale pambuyo pake zinadziwika kuti mwa ena amaononga chiwindi komanso amasokoneza kugunda kwa mtima akakumana ndi adrenaline. Masiku ano malo ambiri ndi isoflurane ndi sevoflurane. Kachitidwe kake nkakuti wodwala amayamba wabayidwa propofol kapena thiopentone m'mtsempha, kenako mankhwala olefula minofu, kenako chubu kulowa m'kholingo, makina n'kumamupumira uku gasi akumusunga m'tulo.

Pali maopaleshoni amene palibenso kuchitira mwina, a pachifuwa, a m'mutu, a m'mimba chakumtunda, ndi aliyonse amene atenge maola ambiri. Ubwino wake ndi wakuti minofu imafewa, dotolo amagwira ntchito momasuka, ndipo mpweya wa wodwala uli m'manja mwanu. Koma pomwepo ndi pamene pali ngozi, chifukwa mukangolefula minofu munthu uja sangathenso kupuma yekha, chubu chikakana kulowa ndipo masiki ikukanikanso ndiye kuti mwatsala ndi mphindi zochepa kwambiri. Palinso nkhani ya kusanza zili m'mimba n'kulowa m'mapapo, paja timati osadya maola 6, osamwa ngakhale madzi maola awiri omaliza, sikuti n'kuzunza munthu ayi. Ndiye pali vuto lina losowa koma loopsa, malignant hyperthermia, lomwe limayambitsidwa ndi magasi omwewa kapena suxamethonium, amodzi mwa mankhwala olefula minofu aja, mwa anthu ena otengera kumtundu, thupi kutentha kwambiri minofu kuuma gwa, ndipo mankhwala ake ndi dantrolene amene sapezeka paliponse.

Kwa ogwira ntchito njira iyi ndi imene ili ndi katundu wolemera. Gasi sapita yense mwa wodwala. Taganizani mwana wamng'ono akugonekedwa ndi masiki, akulira akupotoza mutu uku ndi uku, masiki yasiya mpata pambali pa mphuno, ndipo nesi amene wamugwira mapewa nkhope yake ili pafupi penipeni, iyenso akupuma sevoflurane yemweyo. Kapena pothira mankhwala mu vaporiser, kachipangizo kowasandutsa gasi, madontho n'kutayikira pansi fungo n'kudzaza chipinda. Ngakhale ku recovery, chipinda chodzukira, wodwala akamadzuka amakhala akutulutsa gasi uja ndi mpweya wake, ndipo amene wamuweramira kumufunsa dzina ndi nesi. Bungwe la NIOSH la ku America mu 1977 linaika malire akuti mumpweya wa malo ogwirira ntchito nitrous oxide, gasi winanso wogonekera, asapitirire 25 ppm, kutanthauza magawo 25 pa miliyoni, ndipo magasi a mtundu wa halothane asapitirire 2 ppm. Fungo limayamba kumveka malire amenewa atadutsidwa kale, choncho kudalira mphuno sikuthandiza. Zimene anthu amadandaula nazo ndi mutu, kutopa kosadziwika bwino, nseru, kuwodzera masana. Nitrous oxide yekha amaononga ntchito ya vitamini B12 m'thupi munthu akamamupuma nthawi yaitali, zomwe zimakhudza magazi ndi mitsempha, ndipo mnzathu amene ali woyembekezera ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti kodi chipindachi chimatulutsa bwanji mpweya woipa, asamaonedwe ngati wofuna kuthawa ntchito.

Zambiri mwa izi zimatheka kuchepetsa popanda ndalama zambiri. Kuyesa makina mmawa uliwonse ngati sakutaya, kutseka vaporiser musanachotse masiki kapena kumasula chubu, kusankha masiki yokwana, kugwiritsa ntchito mpweya wochepa ngati makina ali ndi soda lime woyamwa mpweya woipa umene wodwala watulutsa, komanso paipi yotulutsira gasi wotsala kunja kwa nyumba m'malo mongomusiya kuti azituluka pafupi ndi mutu wa wogoneka. Zosefera za makala zimagwira isoflurane ndi anzake koma sizigwira nitrous oxide, izi ambiri sazidziwa. Ndipo polowetsa kapena pochotsa chubu wodwala amakhosomola nkhope yanu ili pomwepo, ngati ali ndi chifuwa chachikulu masiki wamba ya opaleshoni siyokwanira, pamafunika masiki ya N95 yothina bwino ndi zoteteza m'maso, COVID-19 inatiphunzitsa zimenezi mowawa.

Ena amathawa gasi pogoneka ndi propofol yekha woyenda m'mtsempha opaleshoni yonse. Mpweya wa m'chipinda umakhala woyera, odwala sasanza kwambiri podzuka, koma pamafunika mapampu odalirika ndipo kanula, kachubu ka m'mtsempha, ikangochoka pansi pa nsalu osaona, munthu akhoza kudzuka ali wolefuka osatha kunena kuti akumva. Popanda mapampu ndi maso akuthwa ine sindingailimbikitse.

Tsopano jakisoni wa pamsana, amene ine ndimamuika patsogolo nthawi iliyonse imene opaleshoni ili kumunsi kwa mchombo ndipo palibe choletsa. August Bier ndi amene anayamba mu 1898 ku Kiel ku Germany pogwiritsa ntchito cocaine, mpaka anayeserana ndi wothandizira wake ndipo onse awiri anadwala mutu woopsa masiku angapo. Lero timagwiritsa ntchito bupivacaine wolemera wa 0.5%, kamlingo kochepa kwambiri, mamililita awiri kapena atatu basi. Wodwala amakhala pansi n'kupinda msana chibwano chili pachifuwa, wogoneka amapapasa mafupa a m'chiuno kuti apeze mpata wa pakati pa mafupa a msana a kumunsi otchedwa L3 ndi L4, chifukwa mwa munthu wamkulu chingwe cha msana chimathera chakumtunda cha pa L1 kapena L2, singano yopyapyala imalowa, timadzi toyera mbee timayamba kudontha kumbuyo kwa singano, apo mwafika. Pakangopita mphindi zochepa wodwala amati miyendo yatentha, kenako yalemera, kenako sakuimvanso.

Kwa mayi wobereka pa opaleshoni palibe inzake. Amakhala maso, amamva kulira koyamba kwa mwana, akupuma yekha, ndipo tathawa vuto lalikulu la amayi oyembekezera loti kholingo lawo limatupa n'kuvuta kulowetsa chubu pomwe m'mimba mwawo simuchedwa kubweza. Za hernia, prostate, mafupa a miyendo, zonsezi zimayenda bwino. Kwa ogwira ntchito ndiye mpumulo weniweni, palibe gasi, palibe kuweramira kukamwa kwa munthu wokhosomola.

Koma asatinamize kuti ndi kajakisoni chabe. BP imagwa, nthawi zina mofulumira kwambiri, chifukwa mitsempha ya magazi ya kumunsi imatseguka yonse nthawi imodzi, ndipo chizindikiro choyamba kawirikawiri ndi wodwala kunena kuti ndikumva nseru kapena kuyamba kuyasamula. Ephedrine kapena phenylephrine, mankhwala okweza BP, azikhala atakokedwa kale mu sirinji, diripi ikuyenda, mayi woyembekezera atapendekeka pang'ono kumanzere. Mankhwala akakwera mopitirira manja amachita dzanzi, mawu amachepa, kupuma kumavuta, mtima umayenda pang'onopang'ono, pamenepo mukufunika zonse zija za kugoneka kwathunthu, oksijeni, chikwama chopumitsira, chubu. Ndiye kuti wobaya pamsana ayenera kukhala wodziwanso kulowetsa chubu, palibe kulumpha. Munthu amene akutaya magazi kwambiri, amene magazi ake sakuundana, amene ali pa mankhwala osungunula magazi, kapena ali ndi chilonda cha mafinya pamalo obayapo, ameneyo ayi. Ndipo mphamvu yake imatha pakadutsa maola awiri kapena kupitirira pang'ono, opaleshoni ikatalika mumayamba kusaka chowonjezera. Epidural imathetsa vuto la nthawilo poti mumasiya kachubu pamsana n'kumawonjezera mankhwala, ndi yabwino kwambiri pa ululu wa pobereka, koma imafuna luso lochulukirapo ndi nesi woti aziyang'anira usiku wonse. Mutu uja wa Bier ulipobe mpaka lero, umawawa munthu akadzuka n'kuleka akagona chagada, singano zopyapyala za nsonga yobuntha zaupungula kwambiri.

Chimene chimandiopsa ine pa njira iyi ndi zinthu ziwiri zosachokera m'mankhwala koma mwa ife anthu. Choyamba ndi timabotolo tofanana. Tranexamic acid, amene amaperekedwa pofuna kuletsa kutaya magazi, wabayidwapo pamsana molakwika m'malo mwa bupivacaine m'mayiko osiyanasiyana, odwala kuyamba kuphupha mtima kusokonekera ndipo ambiri anamwalira, mpaka WHO inatulutsa chenjezo mu 2022. Timabotolo tiwiriti tisamagone m'thireyi imodzi, ndipo dzina liziwerengedwa mokweza anthu awiri akuona, olo mutatopa bwanji. Chachiwiri ndi kutayirira, poti wodwala akulankhula bwinobwino wogoneka amaganiza kuti atha kutuluka kaye kapena kukayamba wodwala wina m'chipinda china. Mavuto ambiri a jakisoni wa pamsana amabwera mphindi zoyambirira ndiponso mwana akangotuluka magazi n'kuyamba kutayika, pasamachoke munthu pamutu pa wodwala.

Ketamine ndi nkhani ina. Anapangidwa mu 1962 ndi Calvin Stevens ndipo anavomerezedwa ku America mu 1970, ali pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira. Amadula ubongo kuti usalandire uthenga wa ululu koma nthawi zambiri munthu amapitiriza kupuma yekha ndipo BP siigwa, imakwera kumene. Nchifukwa chake kwa wovulala pangozi amene wataya magazi, mwana wopsa ndi moto amene akufunika kutsukidwa mabala, kapena kulikonse kumene magetsi ndi makina n'zosadalirika, ketamine wapulumutsa anthu osawerengeka. M'mtsempha ndi 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu, amagwira pasanathe mphindi n'kukhala mphindi 10 mpaka 15, ndipo mtsempha ukasowa amatheka kubaya pamnofu. Mu 2015 China itafuna kuti ketamine aikidwe pa malamulo okhwima a dziko lonse chifukwa cha omugwiritsa ntchito molakwika, akatswiri a WHO anakana ponena kuti zipatala zosauka zikanatsala manja lende, ndipo ine ndimagwirizana nawo kwathunthu.

Vuto ndi lakuti kuphweka kwake kumapusitsa. Malovu amachuluka, akagwera pa kholingo limatha kutsekeka, nde atropine wochepetsa malovuwo ndi makina oyamwa malovu zikhale pafupi. Mukamubaya mothamanga munthu amasiya kupuma kwa kanthawi. Minofu siifewa, m'mimba mumakhala molimba dotolo n'kumavutika. Kwa wa BP yokwera kale kapena mayi wa pre-eclampsia, BP yokwera chifukwa cha mimba, muyenera kuganiza kawiri. Podzuka akuluakulu ambiri amaona zilubwelubwe, kubwebweta, kulira, ena kuchita ndewu, diazepam kapena midazolam amathandiza koma iwonso amachepetsa kupuma ndiye simungangothira mosawerenga. Apa ndi pamene ogwira ntchito amapwetekera, wodwala wa ketamine amatha kusuntha mkono mwadzidzidzi dotolo ali ndi singano yosokera m'manja, ndipo nesi amene ali yekha ku recovery ndi bambo wamphamvu amene sakudziwa komwe ali akhoza kumenyedwa kapena kuthyoka msana pomugwira. Malo odzukira akhale a phee, osamugwedeza kapena kumukuwira, ndipo nesi asasiyidwe yekha.

Kuchititsa dzanzi pamalo pokhapo ndi lidocaine ndiye njira yopepuka kuposa zonse kwa aliyense, posoka bala, pochotsa chotupa chaching'ono, ndipo amene ali ndi ultrasound amatha kuziziritsa mkono wonse pobaya pafupi ndi mitsempha ya m'khosi kapena m'khwapa. Chofunika apa ndi masamu basi. Lidocaine wopanda adrenaline mabuku ambiri amati 3 mg pa kilogalamu, wokhala ndi adrenaline mpaka 7 mg, ndipo wa 1% ali ndi 10 mg mu mililita imodzi. Munthu wa makilogalamu 60 malire ake ndi 180 mg, kutanthauza mamililita 18 a 1% koma 9 okha a 2%, ndipo anthu amalakwira pomwepa potenga botolo osayang'ana peresenti. Wodwala akati milomo ikunyerenyetsa, m'kamwa mukumveka ngati chitsulo, m'makutu mukulira, siyani kubaya nthawi yomweyo chifukwa chotsatira ndi kuphupha ndi mtima kuima, ndipo mankhwala ake ndi mafuta a m'diripi a 20% otchedwa Intralipid.

Opaleshoni ikatha ululu ndiye umayamba, ndipo kuno ndi kumene odwala ambiri timawalakwira. Munthu amene akumva kuwawa sapuma mozama, sakhosomola, sadzuka pabedi, kenako chibayo ndi magazi oundana m'miyendo. Makwerero a mankhwala a ululu a WHO a 1986 anapangidwira ululu wa khansa, kuyamba ndi mankhwala ofooka n'kumakwera, koma pambuyo pa opaleshoni timayenda chotsika, kuyamba ndi amphamvu n'kumachepetsa masiku akamapita. Paracetamol ndiye maziko, woperekedwa pa nthawi yake osadikira kuti munthu alire kaye, osapitirira magalamu 4 patsiku kwa wamkulu. Ibuprofen kapena diclofenac mukaphatikiza amachepetsa kwambiri kufunika kwa morphine, koma osati kwa wa vuto la impso, zilonda za m'mimba, wotaya magazi, wopanda madzi m'thupi, ndiponso ena a mphumu. Pakati pa morphine ndi pethidine ine ndimasankha morphine mosakayika, pethidine amatha msanga ndipo m'thupi amasanduka norpethidine amene akaunjikana amachititsa kuphupha makamaka impso zikafooka. Tramadol ali pakatikati, nseru ndiye yake. Mantha akuti wodwala azolowera morphine chifukwa cha masiku awiri atatu a pambuyo pa opaleshoni apangitsa anthu ambiri kugona akubuula popanda chifukwa, choyenera kuopa ndi kupuma, werengani kapumidwe, onani ngati akudzutsika, kupuma kukatsika pansi pa 8 kapena 10 pa mphindi naloxone, mankhwala obweza mphamvu ya morphine, akhale pafupi, ndipo kumbukirani kuti naloxone amatha mphamvu morphine asanathe ndiye musachoke mukangoona kuti watsegula maso.

Kabati ya mankhwala amenewa ndi ngozi kwa ife eni ake, ngakhale sitikonda kuikamba. Amene amagwira fentanyl, pethidine, ketamine ndi propofol tsiku lililonse, wotopa, wosagona, amene waona imfa zambiri, ali pafupi ndi chiyeso kuposa wina aliyense m'chipatala, ndipo alipo amene anapezeka atafa m'chipinda chosinthira zovala. Kaundula wa mankhwala, kusayina anthu awiri, kutaya otsala mnzako akuona, ena amaziona ngati kusakhulupirirana koma kwenikweni zimateteza mnzathu amene wayamba kuterereka. Mukaona wina akukonda kudzipereka mashifiti owonjezera, odwala ake akulembedwa mankhwala ambiri koma akudzuka ndi ululu, akusowa pafupipafupi, kumubisa sikumukonda, afunika thandizo la chipatala msanga.

Pali zina zimene sizisankha njira. Oksijeni wochuluka pansi pa nsalu, mankhwala otsukira khungu a spiriti amene sanaume, ndi diathermy, makina owotcha ndi magetsi poletsa magazi, zitatuzi zikakumana moto umabuka, dikirani khungu liume. Pa maopaleshoni a mafupa pomwe makina a X-ray otchedwa C-arm akujambula, valani chovala cha mtovu ndi chotchinga pakhosi, ndipo kungobwerera m'mbuyo kumathandiza kwambiri chifukwa mukatalikira kawiri cheza chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndipo kaya mwasankha njira iti, pulse oximeter yoyeza oksijeni m'magazi pachala, oksijeni, chikwama chopumitsira ndi choyamwa malovu zikhalepo musanayambe, chimodzi chikasowa pa opaleshoni yosafulumira bola kuimitsa.

Singano ndiye ili m'njira zonse zinayi. Munthu akalasidwa ndi singano ya wodwala amene ali ndi kachilombo, mpata wotenga HIV ndi pafupifupi 3 pa 1,000, hepatitis C pafupifupi 2 pa 100, koma hepatitis B imatha kufika 30 pa 100 kwa wosalandira katemera, komabe ambirife timanjenjemera ndi HIV n'kumazengereza katemera wa hepatitis B amene ndi majakisoni atatu okha. Kulasidwa kwambiri kumachitika pobwezera chivindikiro pa singano, popatsirana mpeni pamanja, ndi kwa wokolopa amene wanyamula nsalu muli singano yoiwalidwa, choncho bokosi lotayira likhale pofikira dzanja ndipo lisadzaze mpaka pakamwa, mpeni uziyenda m'kambale. Zikachitika tsukani ndi sopo pamadzi oyenda, osafinya kapena kuyamwa, uzani wamkulu wa shifiti nthawi yomweyo olo pakati pa usiku, chifukwa PEP, mankhwala oteteza ku HIV munthu akalasidwa, amagwira bwino akayambidwa m'maola oyambirira, malire ake ndi maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa.